Galimoto ya Agogo

Lolemba, 4 Meyi
Ndagula. Yotuwa, yaitali, mipando yofewa ngati ya pabalaza. Wogulitsa anandifunsa kawiri konse: "Mukugulira bambo anu eti?" Ndinangovomera. Ine wa zaka 36 zokha.

Lachiwiri, 5 Meyi
Ku ntchito chiphwete. Wa pa geti: "Agogo afika! Ndodo mwaiwala kuti?" Kunyumba kulibe woseka. Mayi a mwana akwiya kuti ndagulitsa galimoto yathu yofiira ija osawauza. Ndiwauza bwanji? Dokotala akuti maso anga akutseka kuyambira m'mbali. Ndikuona ngati ndasuzumira mu paipi. Sadzachira. Ntchito yanga ndi yoyenda m'mashopu kuonetsa katundu. Laisensi ikapita, ntchito yapitanso. Sindinauze munthu.

Lachisanu, 8 Meyi
Nzeru yanga ikugwira. Mu yofiira ndikayenda pang'onopang'ono, hutala ndi kutukwana. Mu iyi amangondidutsa mwaulemu, ena mpaka kundipatsa njira. Palibe amayembekeza liwiro kwa galimoto yotere. Ndagulanso chipewa chachikale, ndimachitsitsa mpaka m'nsidze. Manyazi alipo, koma ndikufika.

Lachitatu, 20 Meyi
Ndakhula geti ya kunyumba. Ndanamizira mphepo. Njinga zikumangotulukira pamphuno, sindikudziwa zikuchokera kuti. Ndili ndi mantha. Ambuye, chaka chimodzi chokha, ndipeze pogwira.

Lachinayi, 28 Meyi
Kukatenga mwana ku sukulu. Ndinazungulira kawiri osamuona. Kachitatu ndinamupeza akulira, mlonda atamugwira dzanja. Akuti anathamangira galimoto, n'kugogoda pa windo la kumbali. Ine osaona kanthu, ndikukhota. Mlonda ndiye anamukoka. Tayala lakumbuyo linaponda chikwama, botolo lake la madzi phwa!
Ndinkafuna mlondayo andikalipire, andimenye kumene. Iye anangoyang'ana galimoto, n'kuyang'ana chipewa. "Musadandaule agogo, ukalamba ndi choncho. Koma mawa mutume bambo ake."
Ndinati chabwino.

Lachisanu, 29 Meyi
Ku ntchito sindinapite. M'mawa mwana anandifunsa akuvala nsapato: "Adadi, ndinakuyitanani. Munandikwiyira?" Wapita pa basi ndi mayi ake.
Makiyi ndawayika patebulo, pamwamba pa kalata ya dokotala. Chipewa ndataya m'bini.
Geti ikulira, mayi a mwana abwera. Ndiyamba kuwauza za botolo lija, kenako...