Nkhope ya Bambo Njobvu pa Matisheti

Lolemba, 4 Ogasiti

Oda yanga yoyamba. Mpaka lero ndimangopenta maluwa pa nsalu za patebulo ndi pa matisheti anga. Kwabwera mayi Getrude Njobvu a ku Madzimoyo, anaona tisheti yanga kutchalitchi. Akufuna matisheti makumi atatu, ovala povundukula chiliza cha amuna awo pa 16. Nkhope kutsogolo, dzina kumbuyo. Chithunzi chilipo chimodzi chokha, cha pa reji, chiphaso chawo cha boma, kakang'ono ngati chala chachikulu. Ndavomera msanga. Mantha abwera atapita.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Matisheti oyera ndagula kwa Fathima ku Kapata, wandisankhira okhuthala. Tsiku lonse kusema nkhope ndi lezala papulasitiki yodindira. Ndadzicheka kawiri. Penti khonde lonse. Yoyamba yatuluka bwino, ndendende ndi reji.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Mayi Njobvu anaigwira nthawi yaitali. Kenako anati, "Mwajambula bwino mwanawe, koma awa sindiwadziwa." Rejiyo bambo anatenga ali mnyamata, asanakumane. Ndinawauza kuti mwina akayese kwa a makina m'tauni. Akuti makinawo atulutsanso mnyamata yemweyo.

Manyazi. Sindinadye masana.

Loweruka, 9 Ogasiti

Ku Madzimoyo ndi pensulo ndi mapepala. Pansi pa mtengo wa mango, iwo akufotokoza, ine ndikujambula. Dazi. Mpata pakati pa mano. Diso lamanzere lotsinzina pang'ono akamaseka. Mng'ono wa malemu, a Philemon, anakhala patsogolo panga kuti ndibwereke mphuno ndi chibwano. Osagwedezeka, ngati ali kometa. Pa pepala lachisanu ndi chiwiri mayi anasiya kulankhula, n'kunyamuka, akuti akaone nkhuku. A Philemon anayang'ana nati, "Ndi achimwene amenewa. Musakhudzenso."

Lachinayi, 14 Ogasiti

Zatha zonse. Nkhope makumi atatu pachingwe, zikupepeluka. Matisheti awiri anagwera m'fumbi penti asanaume, ndabwereza. Msana! Koma mtima uli m'malo.

Lamulungu, 17 Ogasiti

Dzulo kumanda aliyense atavala, ngakhale abusa mkati mwa jekete. Mayi okha ayi. Yawo anaipinda n'kuiika pamiyendo, manja pamwamba. Pambuyo anapempha pepala lija la pensulo. Ndinali nalo m'chikwama.

Pobwerera anandiimitsa mayi wina, a Hazel a ku Chiparamba. Amayi awo anamwalira kalekale, chithunzi chawo kulibe n'chimodzi chomwe, nyumba inapsa. Ndinawafunsa kuti akufuna matisheti angati. Akuti matisheti ayi, pepala lokha, ana awo aone. Ndinafuna kunena kuti ine ntchito yanga ndi matisheti. Koma ndinavomera.

A Hazel ali ndi mchemwali wawo wofanana ndi malemu amayi awo. Ndipita Lachiwiri.