Nibaldo Anasiya Thambo Lopanda Mlonda

Okondedwa Malume Eleuterio,

Ndikhulupirira inu ndi azakhali muli bwino ku Chiloé. Kuno kuphiri kwauma, tulo sindikupeza.

Nkhani ndi ya mwana wanu Nibaldo, amene munandichonderera kuti ndimupezere ntchito. Tikaloza kuwala kwamphamvu kumwamba, timapanga nyenyezi yabodza imene galasi lathu lalikulu loonera nyenyezi limatsatira powongola zithunzi zosokonezedwa ndi mpweya. Ntchito ya Nibaldo ndi imodzi basi: kuima panja, akaona ndege adine batani kuwalako kuzime, woyendetsa asachite khungu.

Lachinayi ndege inadutsa, iye ali m'khitchini, kapu ya tiyi kumanja. Nditamufunsa anati, "Msuweni, mtima pansi. Kunja kumazizira, komanso thambo ndi lalikulu, oyendetsa ndege angalambalale." Ananena akuseka, malume, pamaso pa anzanga.

Woyendetsa ndegeyo wadandaula, makina athu atsekedwa. Amene anatsimikizira mabwana kuti Nibaldo ndi wodalirika ndi ine. Lolemba adzandifunsa amene anayenera kukhala panja, ndipo ine sindinanamepo pa ntchito.

Za ine tidzakamba tsiku lina. Koma muwauze azakhali, chipinda cha Nibaldo chija asaikemo mbatata.

Ine mwana wa mlongo wanu,
Ximena