Mita ya abwana ndinaipukuta mpaka kuuma

Aphungu,

Pakamwa sindikanatha kunena izi, n'chifukwa chake ndalemba. Ndine mtsikana wamanyazi, sukulu ndinalekezera ku pulayimale. Ndimagwira ntchito pa nazale ya mbande za tomato ndi tsabola, m'nyumba zija za pulasitiki. Chiyambireni ntchito yanga inali kutsuka mathireyi.

Mwezi watha abwana, mayi ansangala, anandiitanira pathanki n'kundipatsa kamakina konga cholembera chonenepa, kokhala ndi kagalasi kunsonga. Amakatcha mita. Anati kamayeza pH, kutanthauza kuchuluka kwa asidi m'madzi othirira, poti akalakwika mbande sizidya bwino feteleza. Kenako anati: "Iwe sugwetsa zinthu. Kuyambira lero madzi ndi ako."

Aphungu, ndinafika kunyumba chimwemwe chitadzaza tsaya. Amayi anavina pakhomo tsache lili m'manja. Kuntchito, bambo ena othirira mbande, amene timawatcha a Payipi, masiku ano akandiona amavula chipewa n'kulengeza kuti adokotala a madzi afika, ndowa zonse zifole.

Koma abwana anangondionetsa kamodzi n'kupita kukathandiza mwana wawo amene wabereka. Nditatsegula kachivindikiro ka mita ndinapezamo timadzi, m'mphepete muli zoyera ngati chuku. Ine ndinaleredwa kuti chiwiya sichisungidwa chonyowa. Ndinataya timadzito, n'kupukuta kagalasiko ndi mpango wanga watsopano mpaka kuuma. Mitayo ndinaisokera kathumba ka maluwa, ndipo ndikamaliza kuyeza ndimaigoneka pawindo kuti iwothere dzuwa.

Tsopano manambala akuchedwa kuima. Ndowa yomweyo, pano 5, pakapita kanthawi 8. Ndasiya kuthira mankhwala osinthira asidi m'thanki poopa kupsereza mbande. Pashelefu pali timabotolo titatu, kena kolembedwa 7, kena 4, kena mawu aatali a Chingerezi, koma sindinatikhudze. Abwana abwera posachedwa. Kodi mita ija ndaipha? Sindikufuna kubwerera ku mathireyi.

T.M., wa ku nazale

Mwana wanga T.M.,

Amayi ako andisiyireko malo pakhomopo, nanenso ndivine. Ntchito wapatsidwayo ndi yaulemu, ndipo posiya kuthira mankhwala manambala atayamba kupenga waonetsa kuti abwana sanasankhe molakwa.

Koma mita si mbale, mwana iwe. Kagalasi kaja kali ngati chule, moyo wake ndi chinyontho. Timadzi unatayato ndi tosungiramo, ndipo zoyera zija ndi mchere wake wouma chabe. Kuutsukuluza kunali kokwanira.

Mtima ukhale pansi. Mita youma nthawi zambiri imangokomoka. Kabotolo ka mawu aataliko n'kutheka ndi ka madzi osungiramo, koma wina akuwerengere kaye. Thira pang'ono m'kachivindikiro, kagalasi kamire, uisiye choimirira mpaka mawa. Ngati palibe, madzi a m'kabotolo ka 4 angagwirizire kwa kanthawi. Madzi wamba usasungiremo, ngakhale ayere bwanji, chifukwa amakasukulutsa kagalasiko.

Kukacha uiwongole, poti mita imasochera pang'onopang'ono ngati wotchi. Tsanulira madzi a 7 m'kakapu koyera, viika nsonga, dikira nambala iime, kenako dina batani lowongolera. Pa mamita ambiri limalembedwa CAL. Tsukuluza ndi madzi oyera, gwedeza madontho agwe, ubwereze ndi a 4. Otsala m'kakapu utaye. Ukawabwezera m'botolo wawononga botolo lonse. Uzitero sabata ndi sabata, komanso nthawi iliyonse manambala akakukayikitsa.

Ukamaliza kuyeza, tsukuluza, tseka kachivindikiro kali ndi timadzi take, uiike pamthunzi. Pawindo paja ichokepo lero lomwe. Ikakana kutsitsimuka, kagalasi kamasinthidwa, ndipo kamakalamba ngakhale m'manja mwa akatswiri.

Chovuta kwa iwe ndikuchidziwa, si timabotolo. Uwaimbire abwana asanabwere, uwauze zimene unachita ndi zimene ukukonza. Mawu akakukanika, uwawerengere zomwe wandilemberazi. Ine ndikuganiza kuti akamva za kathumba ka maluwa aseka mpaka khanda lidzuke, ndipo munthu amene amanena yekha pamene walakwitsa ndiye amasiyiridwa makiyi. A Payipi nawonso ali ndi maso, akuwerengere chizindikiro cha pabotolo. Adokotala enieni amafunsana.

Chenjezo langa ndi ili: safunsa anadya phula. Manyazi ako ndi amene angaumitse mbande, kuposa dzuwa. Kathumbako usataye, mita yotseka bwino ingagonemo choimirira. Koma mpango uja uzipukutira thukuta lako, adokotala, wodwala wakoyu amachira ali wonyowa.

Aphungu