Chala Chanu pa Pepala la Dimba

Amayi, kodi muli bwanji kumene munapitako? Kuno ku Nambuma tilipo. Mwana uja munamusiya ali m'mimba anabadwa wamkazi, ndipo ndinamutcha Yamikani monga munafunira. Chimanga cha kumtunda chinapsa ndi ng'amba, nkhokwe sinafike ndi pakati pomwe.

Sindinade nkhawa, poti ndinkadalira dimba lathu la kudambo. Mvula itatha ndinatsikirako ndi khasu kuti ndikafese mpiru, koma ndinapeza atatchinga ndi waya. Antchito a ku esiteti anati adzafesamo nazale za fodya.

Achimwene a Filipo, amene tsopano ndi mkulu wa mpingo, anandionetsa pepala logulitsira dimbalo. Ndinkayesa ndi chinyengo chawo. Koma m'munsi mwake munali chidindo cha chala chanu, chokhala ndi kachipsera ka chikwakwa kaja. Ndingachiiwale bwanji chala chimene ndinkachiwenga zikhadabo muli chigonere? Akuti munafuna kuti ndalama zake iwo akhomere malata, poti mkulu wa mpingo sayenera nyumba ya udzu.

Miyezi yonse ija ndinkakusambitsani, inu munkangoti, "Esinati, wokhutira ndi zochepa ndiye wolemera. Uziyamika Mulungu pa zonse." Ine n'kumavomera, kuyesa mukundisiyira chikhulupiriro. Kani munkandikonzeratu kuti ndisadzatsegule pakamwa? Bwanji mawu amenewo simunawauze achimwene? Zandipweteka, amayi, kuposa tsiku lomwe tinakuikani m'manda.

Lamlungu la masika analalikira ndi achimwene omwewo, mutu wa ulalikiwo kukhutira. Maso awo anayenda tchalitchi chonse, koma mbali ya azimayi kumene ndinakhala ine sanayang'aneko. Anzanga atapereka matumba a chimanga, ine ndinapita kutsogolo ndi maungu awiri omera okha kudzala. Ndinayamika ndi mtima wonse, chifukwa maungu akudzalawo ndi amene akudyetsa ana anga. Mulungu sanandilande kanthu. Munandilanda ndinu.

Kumanda ndinalimirako, musadandaule. Ndimakukondanibe, ngakhale masiku ano nyimbo yoyamika Mulungu imene munkaikonda ija imandikanika kuimba. Ndikulonjeza kuti Yamikani ndidzamuphunzitsa kuyamika Mulungu, koma sindidzagwiritsa ntchito dzina la Mulunguyo pomutseka pakamwa.

Ndine mwana wanu amene anakusambitsani,
Esinati