Misomali ya M'kasinja

Chipatala cha Asilikali,
Alexandria, Igupto.
9 Julayi 1942

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira inu ndi Mayi muli bwino. Kalatayi ndapatsira mnzanga amene akubwerera kwathu, kuti isadutse m'manja mwa akuluakulu ofufuta mawu aja.

Yanu inafika. Mukunyadira kuti inu okhoma misomali mwakana atsikana owotcherera zitsulo kulowa mufakitale yanu ya akasinja ankhondo, ati msomali sunakugwiritseni mwala zaka makumi atatu zonse mwapanga sitima za pamtunda. Bambo, mundikhululukire, nditamva zimenezi sindinanyadire nanu.

Sitima saiwombera ndi mzinga. Kasinja wathuyu nyuzipepala zikumutcha linga loyenda, ife timamutcha uvuni. Mchenga ukangolowa mu injini, basi, wakana ngati bulu. Kamfuti kake Ajeremani amangokaseka. Koma zonsezo tikanapirira.

Mwezi wathawu bomba linatimenya m'mbali. Silinaboole ayi, chitsulo chinalimba ndithu, pamenepo nyadirani. Koma misomali yolumikiza zitsulozo inaduka, zidutswa zake n'kuuluka m'kati ngati zipolopolo. Wilf Ogden, dalaivala wathu, anali atangondiuza kuti, "Iwe Len, tiyi wako uja ngati madzi ochapira masokosi, mawa wophika ndine." Chidutswa chimodzi chinamulowa pakhosi. Sanalankhulenso.

Dzulo kunabwera bwana wina wa asilikali wonunkhira sopo, ati, "Anyamata, akasinja athu alibe anzawo padziko lonse." Wa bedi loyandikana nane anayankha kuti, "Zoona bwana, enawo amapha adani okha." Palibe anaseka.

Sindikuti munapha Wilf ndinu. Mwandilera ndi nyundo imeneyo, ndipo ndikudziwa mukuopa kuti ntchito ikutherani. Komabe chonde, mukapite kwa kapitawo, mukamuuze kuti atsikanawo alowe, pakuti kasinja wowotcherera sakhala ndi misomali. Anzanu akanena kuti mwawagulitsa, muwaonetse kachidutswa ka msomali kamene ndakulunga m'kansaluka. Adokotala anakachotsa mwa ine.

Mundiperekere moni kwa Azakhali Maud ndi onse a mumsewu mwathu. Mayi muwauze kuti ndikudya bwino. Akafunsa chifukwa chake zolembazi si dzanja langa, munene kuti ndinathyoka chala, akundilembera ndi anamwino. Zoti maso anga sakuonanso ndidzawauza ndekha ndikafika. Inu tsikulo mudzabwere nokha kusiteshoni, ndipo mudzayambe ndinu kunditchula dzina.

Ndine mwana wanu,
Leonard