Linthumbu Lapulumutsa Bedi Lanu

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko ndipo ntchito ikuyenda. Kuno ku Machinjiri tonse tili bwino, mwendo wa amayi uja unasiya kutupa.

Mukukumbukira nsikidzi ndi mphemvu zija zinakanika kufa ngakhale tinapopera mankhwala? Amayi anali atagamula kuti Loweruka tiwotche bedi lanu, ati ndi momwe zimaswerana. Ine mtima unkandiwawa, poti bedi limenelo munakhoma nokha.

Ndiye Lachinayi m'mawa, mvula itangokata, linthumbu linachokera kumunda wa chimanga n'kulowa m'nyumba, mzere wake wakuda bii! Amayi anathamangira botolo la palafini, koma amake Chisomo, aneba athu, anawagwira mkono.

"Mayi, asiyeni alendowa adye kaye," anatero. "Sanabwere kudzakhala."

Tinasamutsa anapiye kuti angalumidwe, ife n'kukhala pansi pa mtengo wa mapeyala. Achimwene, ndinaseka mpaka misozi! Mphemvu zinkatuluka m'ming'alu zili liwiro, linthumbu lili pambuyo, ndipo zomwe zinkafika pabwalo zinkatoledwa ndi nkhuku. Dzuwa lisanalowe linthumbulo linali litabwerera kumunda.

Kuchokera tsiku limenelo palibe amene wadzuka akudzikanda. Amayi omwe aja a palafini tsopano akukalipira aliyense wothira phulusa panjira ya linthumbu, ati tingakhumudwitse madokotala.

Mukamabwera pa Khirisimasi mutitengereko bulangete lochindikala, ndipo mupatse moni anzanu onse akumudzi kuno. Bedi lanu lilipo, achimwene, ndipo ulendo uno mudzagonapo nokha.

Ambuye akusungeni mpaka tidzaonane.

Ndine mlongo wanu,
Tadala