Za Lichero Limene Mayi Lenia Anaika Pansi

Msonkhano wa Komiti ya Gulu la Amayi Oumba Mbiya
Tsiku: Lachisanu, 14 Ogasiti 1987
Malo: Kalasi ya Sitandade 3, Kasakula
Analipo: Mayi Elube Kamwendo (Wapampando), Mayi Rakele Nkhoma (Mlembi), Mayi Magdalena Banda, Mayi Lenia Msosa (osamva), Mayi Monika Msosa (mng'ono wawo, womasulira), Bambo Isake Gwaza (a nthambi ya chipani).
Sanabwere: Mayi Lidia Phiri, ali kumaliro ku Chezi.

1. Kutsegula
Msonkhano unayamba 2:10 masana ndi pemphero. Tonse tinatsinzina. Mayi Lenia anadziwa kuti latha atawakhudza paphewa.

2. Kanema wa amayi osamva
Wapampando anakumbutsa kuti pa 9 Meyi kunabwera ojambula kanema wa amayi osamva ndi kalankhulidwe kawo ka manja. Anati ojambulawo alemba kalata: kanemayo ndi wa mphindi 22, zinayi ndi za Mayi Lenia, ndipo akufunsa ngati pali chochotsa asanakamuonetse ku Ntchisi ndi ku Dowa.

Bambo Gwaza anapempha kuti mphindi zinayizo zichotsedwe. Anati amayiwo tinawapatsa malichero a mtedza kuti anyamule mwaulemu, koma Mayi Lenia anaika lawo pansi mlendo asanalandire, n'kumamuyang'ana kumaso. Anati maboma awiri adzatiyesa amwano.

Mayi Lenia anayankha kudzera mwa Mayi Monika: "Munandidzaza manja onse awiri, kenako mwati lankhulani. Inu bambo, mungalankhule mtedza uli tho m'kamwa?"

Wapampando analetsa kuseka iwo eni atamaliza kuseka.

Mayi Magdalena anati za malichero tinakonza ndife a komiti, mtedzawo anapeta ndi iwo eni, choncho olakwa si Mayi Lenia. Anati ojambulawo anaonetsedwa mbiya 31, koma anakhalitsa pa manja amene anaziumba.

Okweza dzanja kuti pasachotsedwe kanthu anali asanu. Bambo Gwaza sanakweze, koma anapempha kuti tsiku la kanemayo adzawasungire malo kutsogolo.

3. Zina ndi zina
Panalibe.

4. Msonkhano wotsatira
Lachisanu, 11 Seputembala 1987.

5. Kutseka
Wapampando anapempha Mayi Lenia kuti atseke ndi pemphero, ndipo anati wina asatsinzine. Bambo Gwaza anavula chipewa n'kuyang'ana. Mawu a pempherolo sindinalembe, chifukwa nanenso ndinaika cholembera pansi. Tinatseka 3:25.

E. Kamwendo, Wapampando
R. Nkhoma, Mlembi